Ana m'malo omwera mowa: lamulo ndi mbali yathu

Amayi anzanga, tikamadandaula za ana opezeka m'mabala ndi m'malo ovinira usiku, timathamangira kudzudzula eni malowo. Mlandu ali nawo ndithu. Lamulo la mowa m'dziko muno limaletsa kugulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18, ndipo kuyambira mu 2017, pamene aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko, aliyense wosafika zaka zimenezi ndi mwana. Kukula thupi si umboni. Wogulitsa akakayikira afunse chiphaso cha unzika, poti chimaperekedwa kuyambira zaka 16 ndipo chimasonyeza tsiku lobadwa.

Komatu atsikana angapo amene ndawachiritsa pa ntchito yanga ya uzamba sanapite ku bala kukamwa. Anatumidwa. Wina ankagulitsa mazira ophika ndi mtedza, poti madzulo malonda amayenda kumeneko. Wina ankatumidwa paketi ya Chibuku, kapena kukaitana bambo ake nsima ikapsa. Bambo woledzera amagula mazira onse, kenaka n'kumuuza mwanayo kuti ndalama akalandirire kuseri. Ndikudziwa kuti ndalama ya mazira ndiyo imagula ndiwo, sindikunyoza umphawi wa munthu. Koma mtsikana wa zaka 14 mafupa ake a m'chiuno amakhala asanakhwime. Mwana akakanirira pobadwa, njira ya mkodzo ikhoza kubooka, matenda aja timati fistula, ndipo mkodzo umangotuluka usana ndi usiku.

Ngati mwana wagwiriridwa, musayambe ndi kukambirana kwa ankhoswe kapena kulandira chindapusa. Mutengereni kuchipatala tsiku lomwelo. Mankhwala oteteza ku HIV, otchedwa PEP, amathandiza akayambidwa pasanathe maola 72. Mukanenenso ku Victim Support Unit ya polisi, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana.

Mwini bala amaopa chinthu chimodzi: kutaya laisensi, imene amaipeza ku khonsolo. Mukaona ana akulowetsedwa, musakakangane naye usiku muli nokha. Lembani tsiku ndi nthawi, mupite atatu kapena anayi kwa amfumu ndi kwa khansala, dandaulo lanu lifike ku khonsolo m'kalata.

Pa msonkhano wanu wotsatira, werengani malo omwera mowa amene ali mu mphakati mwanu, kuphatikizapo makomo ophika kachasu. Mufunsanenso mosabisa kuti ndi ana a yani amagulitsa kumeneko dzuwa litalowa, ndipo ndi wamkulu uti angasenze beseni lija m'malo mwawo.