Khadi la sikelo lanyowa: kodi foni ingatipulumutse?

 Makalata onse amene talandira lero kuno ku Milange akukhudza khadi la sikelo.

Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wa ku Majaua: "Anamwino, khadi la mwana wanga linapita ndi madzi a namondwe Freddy mu Malichi 2023. Ndikuopa kupita kusikelo, mwina akandikalipira. Kodi m'kompyuta ya boma mulibe dzina la mwanayu?"

Pepani mayi, ndipo simuli nokha. Koma ndikuuzeni zoona. Kompyuta ya unduna wa zaumoyo imene timaitcha SIS-MA imalandira makamaka ziwerengero: ana angati abayidwa katemera wa chikuku mwezi uno, angati apezeka onyentchera. Imathandiza a ku Quelimane ndi ku Maputo kudziwa kotumiza katemera. Dzina la mwana wanu lili m'kaundula wa pepala pachipatala pamene munkapita. Pitani pomwepo, nenani mwezi umene anabadwa, anamwino akafufuze. Adzaonanso chipsera cha BCG pamkono. Katemera sayambidwanso pachiyambi, amangopitiriza pamene analekezera. Kukalipiridwa kumatha tsiku lomwelo, mayi, koma chikuku chimatha kuchititsa mwana khungu.

Bambo wa ku Mongue akufunsa za APE, wothandiza zaumoyo wa m'mudzi: "APE wa m'mudzi mwathu amalemba za mwana pafoni. Ndiye khadi lapepala n'lachiyaninso?"

Bambo, m'foni imeneyo muli pulogalamu ya upSCALE, imene unduna unakhazikitsa mothandizana ndi Malaria Consortium ndi UNICEF. Inayambira ku Inhambane, kenako inafika kuno ku Zambezia. Imamutsogolera APE poyeza mwana wa malungo, chibayo kapena kutsegula m'mimba, ndipo imamukumbutsa khomo loyenera kubwererako. Ine ndimaiyamikira kwambiri. Koma foniyo ndi ya APE, si yanu. Mwana akatentha thupi usiku inu n'kumukweza panjinga, foni ija imatsala kumudzi. Chimene namwino adzagwire m'manja ndi khadi.

Kalata yachitatu ndiyo yandikhudza. Agogo ena alemba kuti mdzukulu wawo anabadwira ku Mulanje, anayambira sikelo komweko, tsopano akukhala nawo kuno. Akufunsa ngati makompyuta a ku Malawi ndi a kuno amauzana.

Ayi agogo, za mdzukulu wanu sauzana. Ku Malawi alangizi a zaumoyo ena akulemba pa pulogalamu yawo ya iCHIS. Iyo ndi SIS-MA yathu zonse zinamangidwa pa DHIS2 ya ku yunivesite ya Oslo, ngati ana a mimba imodzi, koma iliyonse imathera pamalire. Ife ndiye timawoloka tsiku ndi tsiku, kumsika, kumaliro, kuchipatala. Matenda nawonso sadinditsa pasipoti: poliyo atapezeka ku Lilongwe mu Febuluwale 2022, chaka chomwecho anapezekanso ku Tete.

Choncho kabuku ka sikelo ka ku Malawi musakataye, ndipo musakabise poganiza kuti tikana mwanayo. Tikufuna tikaone chifukwa masiku amasiyana. Kumeneko katemera wa makanda amabaya pa masabata 6, 10 ndi 14, kuno pa miyezi 2, 3 ndi 4. Wachiwiri wa chikuku kumeneko ndi pa miyezi 15, kuno pa 18. Onjezaninso katemera wa malungo amene anayamba kuno ku Zambezia mu Ogasiti 2024, wolandira kanayi. Ndani angasunge zonsezi pamtima? Ngakhale ine sindingathe.

Tsono pali chimene mungachite lero lomwe osadikira boma. Mukachoka kusikelo, jambulani masamba onse olembedwa a khadilo ndi foni, kuyambira tsamba la dzina. Ngati mulibe foni yojambula, pemphani wachibale amene mumamukhulupirira, osati aliyense wa pamsika, chifukwa pakhadipo pamalembedwanso zachinsinsi za thanzi la mayi ndi mwana. Chithunzicho tumizani kwa malume ake pa WhatsApp kuti foni ikatayika chikhalepobe. Khadi lenilenilo likulungeni mujumbo, mulisomeke pamwamba, kutali ndi chiswe ndi modontha.

Mayi wa ku Majaua, sabata ino tengani mwanayo mupite naye. Mukalandira khadi latsopano, tilembereninso.