MAU A CINGEREZI AKUTI "STRADDLE"

M'Cingerezi muli mau ena amene Cinyanja sicingawamasulire ndi liu limodzi. Ena mwa iwo ndiwo mneni wakuti "straddle". Tanthauzo lace ndilo kukhala kapena kuima pa cinthu, mwendo umodzi mbali iyi, wina mbali inayo.

Mnyamata wopalasa njinga pa mseu wa kwa Jumbe akhala motero. Mngerezi pomuona anganene kuti, "The boy straddles the bicycle." Koma mai wobvala citenje, amene wakhala pambuyo miyendo yonse iwiri mbali imodzi, mau awa samuyenera. Za iye anena kuti, "She sits on the bicycle." Mneni wakuti "straddle" safuna kamau kakuti "on", pakuti dzina la cinthuco litsata pomwepo. Ponena za kale alemba "straddled".

Mau omwewa anenedwanso za zinthu zopanda miyendo. Nkhalango ya nyama ya South Luangwa, imene inakhala National Park m'caka ca 1972, iri kumadzulo kwa mtsinje wa Luangwa. Koma cigawo cace ca Nsefu ciri kum'mawa kwa mtsinjewo, ku mbali ya Akunda. Cifukwa cace nkoyenera kulemba kuti, "The park straddles the Luangwa." Comweconso dziko la Acewa, lokhala m'Zambia, m'Malawi ndi m'Mozambique, ligwira mbali zonse za malire.

Mwana wa sukulu acenjere kuti asasokoneze mau awa ndi "cross", ndiko kuoloka. Wooloka asiya tsidya limodzi napita ku linzace, koma "straddle" anena za cinthu cogwira matsidya onse awiri nthawi imodzi. Njobvu yocoka m'nkhalango usiku kudzadya m'minda ya ku Mfuwe ioloka mtsinje: "The elephant crosses the river." Ulalo wa pa Mfuwe suoloka, koma uima tsidya lino ndi tsidya lija: "The bridge straddles the river." Wosinthanitsa mau awa pa mayeso adzakhala atalemba kuti njobvu yaponda magombe onse awiri a Luangwa, cinthu cimene ngakhale njobvu yaikuru singathe.

MAFUNSO
1. Kodi munthu wokhala pa mpando miyendo yonse kutsogolo ayenera mau ati?
2. Nanga "straddle" asiyana bwanji ndi "cross"?