Mawu a Chingerezi Otichenjeza Kuti Pali Zosamveka

Mapepala ambiri ofunika pa moyo wathu amabwera m'Chingerezi: fomu ya ngongole, kalata yogulitsirana malo, chikalata cha ntchito, ngakhalenso zimene adokotala amalemba m'buku la kuchipatala. Ambirife Chingerezi timangochimva patalipatali. Komabe alipo mawu ochepa amene aliyense ayenera kuwazindikira, chifukwa ntchito yake ndi kutiuza kuti penapake sipakumveka bwino. M'phunziro lino tiona mawu asanu otere.

Momwe mawuwa amapangidwira

M'Chichewa tikafuna kukana timaika "sa" m'kati mwa liwu: chomveka, chosamveka, chokwanira, chosakwanira. Chingerezi nacho chili ndi timaphatikizo tokanira, koma timakhala kumayambiriro kwa liwu. Todziwika kwambiri ndi "un", "in" ndi "il". Liwu loti "clear" limatanthauza chomveka, ndiye "unclear" ndi chosamveka. "Complete" ndi chokwanira, "incomplete" ndi chosakwanira. "Legible" ndi chowerengeka, "illegible" ndi chosawerengeka. Koma si liwu lililonse loyamba chonchi limene likukana. "Income" ndi ndalama zimene munthu amapeza, ndipo "interest" ndi chiwongoladzanja.

Mawu asanu

1. Unclear. Mukaona liwu ili pa pepala limene mwabwezeredwa, ndiye kuti wolandira sanamvetse zimene mwalemba. Funsani malo enieni amene avuta.

2. Illegible. Apa vuto ndi kalembedwe. Mwina inki yafufutika, pepala linanyowa, kapena zilembo zapanikizana. Lembani modekha ndi zilembo zikuluzikulu, makamaka dzina ndi nambala ya chiphaso cha unzika. Mapepala ofunika muziwasunga m'jumbo, kutali ndi chinyezi ndi chiswe.

3. Vague. Awa ndi mawu ozungulira, osatchula chenicheni. Munthu akalemba kuti adzalipira "soon", kutanthauza posachedwa, sanatchule tsiku. Posachedwa akhoza kukhala mawa, akhozanso kukhala chaka chamawa.

4. Ambiguous. Awa ndi mawu amene akhoza kumveka pawiri. Liwu loti "biweekly" ena amalimva kuti kawiri pa sabata, ena kamodzi pa masabata awiri, ndipo onse sakulakwa. Madeti nawonso amasokoneza. Kwathu kuno 03/04 ndi pa 3 Epulo, koma ku America amayamba ndi mwezi, choncho kwa iwo ndi pa 4 Malichi. Polemba pangano, dzina la mwezi lilembedwe lonse.

5. Jargon. Ichi ndi chiyankhulo cha anthu a ntchito imodzi, monga madokotala, maloya ndi a kubanki. Ambiri mwa mawu amenewa anachokera ku Chilatini, ndipo ngakhale odziwa Chingerezi amawavuta. M'buku la kuchipatala, OD ndi kamodzi pa tsiku, BD ndi kawiri, TDS ndi katatu. Musachoke pa windo lolandirira mankhwala musanamve bwino kamwedwe kake. Kumwa mankhwala mongoganizira n'kuika moyo pachiswe.

Chenjezo pa nkhani ya ngongole

Pamene mawu ozungulira amapweteka anthu kwambiri ndi pa ngongole. Tiyerekeze kuti mayi wina wogulitsa tomato akubwereka K50,000. Pa pepala palembedwa kuti "interest 10%", basi. Sipanalembedwe kuti pa mwezi kapena pa chaka. Ngati ndi pa chaka, mayiyu adzaonjezera K5,000 yokha chaka chikatha. Ngati ndi pa mwezi, azipereka K5,000 mwezi uliwonse, ndipo pakutha pa miyezi 12 chiwongoladzanja chokha chidzakhala K60,000, kuposa ndalama imene anabwereka. Pepala ndi lomwelo, nambala ndi yomweyo, koma kusiyana kwake kukhoza kugulitsitsa mbuzi ngakhale malata a nyumba.

Choncho yang'anani mawu awa: "per month" ndi pa mwezi, "per annum" ndi pa chaka. Akasowa, pemphani kuti alembedwe inu mukuona. Funsaninso kuti ndalama yonse yobweza ndi zingati, tsiku lomaliza ndi liti, ndipo chikole ndi chiyani. Yang'anitsitsani timalemba ting'onoting'ono ta m'munsi mwa pepala, pakuti chilango cha kuchedwa kubweza chimakonda kukhala kumeneko.

Wokongoza akamakufulumizitsani kuti "ingosainani apa, zinazo ndi zachizolowezi", imani kaye. Pemphani kupita nalo pepalalo kunyumba kuti mwana wa sukulu, aphunzitsi kapena munthu wina amene mumamukhulupirira akuwerengereni. Wokuwerengeraniyo asakhale mnzake wa wokongozayo. Mukasaina kapena kudinda chala, ndiye kuti mwavomera zonse zili papepalapo, ngakhale zimene simunazimve. Ngakhale ku banki mkhonde, kumene timadziwana tonse, malamulo a gulu alembedwe momveka ndipo awerengedwe pamaso pa aliyense.

Kufunsa ndi ufulu wanu

Ena timachita manyazi kufunsa poopa kuoneka osaphunzira. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ngakhale malamulo aakulu a dziko la Malawi, mu gawo 42, amanena kuti munthu womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chiyankhulo chimene amamva, ndipo kukhoti apatsidwe womasulira ngati mlandu ukuzengedwa m'chiyankhulo chimene sachidziwa. Phunzirani mawu awa: "Please explain in Chichewa." Akutanthauza kuti, chonde fotokozani m'Chichewa. Anenereni ku ofesi, kubanki ndi kuchipatala mopanda mantha.

Mafunso

1. Kodi timaphatikizo "un", "in" ndi "il" timagwira ntchito yanji?
2. Fomu yanu yabwezedwa italembedwa "illegible". Muchita chiyani?
3. Kodi "per month" ndi "per annum" amasiyana bwanji?
4. Mukabwereka K20,000 pa 10% pa mwezi, chiwongoladzanja cha miyezi 6 chidzakhala zingati?

Ntchito ya kunyumba

Tengani buku lanu la kuchipatala kapena pepala lililonse la Chingerezi limene muli nalo. Koperani m'kope mawu atatu amene simukuwamva, ndipo mubwere nawo ku kalasi kuti tidzawamasulire pamodzi.