Iphani Nthata, Osati Mphaka: Malangizo kwa Osunga Agalu ndi Amphaka

Mvula ikangoyamba nkhupakupa zimabuka, nthata nazo zimaswana, ndipo madandaulo amene ife alangizi a ziweto timalandira amakhala omwewo chaka ndi chaka: galu wagona, akunjenjemera, dovu lili chuchuchu, mphaka wafa usiku. Tikafunsa chimene chinachitika dzulo lake, aliyense amati palibe. Tikafunsitsa m'pamene mwana wina amaulula kuti abambo anasambitsa galuyo ndi mankhwala otsala kumunda wa thonje. Kabuku kano talemba chifukwa cha mchitidwe umenewu. Zina zonse zili m'munsimu ndi zongowonjezera.

Mankhwala a kumunda ndi a kudibi

Mankhwala opopera thonje, matimati kapena mbozi za m'chimanga si a galu. Ufa wothira m'chimanga kuti chisafumbwe si wa mphaka. Takhala tikunena zimenezi pamisonkhano mpaka mawu kusasa, koma anthu amayankha kuti, "Inde, koma nthata zimafa." Zoona, zimafa. Nanga mwini nthatazo?

Tiyambe ndi mphaka, chifukwa ndiye amafa msanga. Ufa wa Actellic Super uli ndi mankhwala awiri, pirimiphos-methyl ndi permethrin. Cypermethrin wa kumunda uja ndi wa banja limodzi ndi permethrin. Chiwindi cha munthu ndi cha galu chimatha kuphwanya permethrin n'kumutulutsa m'thupi, koma cha mphaka chimalephera. Poizoniyo amangozungulira m'magazi n'kukagwira mitsempha ndi ubongo. Kuwonjezera apo, mphaka amadzisambitsa ndi lilime, ndiye chilichonse chimene mwamuwaza paubweya amachimeza yekha dzuwa lisanalowe. Pakapita maola ochepa, nthawi zina mawa lake, makutu ndi khungu zimayamba kugwedera, kenako thupi lonse, kenako kuphupha. Ngakhale mankhwala ena ogulitsidwa kuti ndi a agalu ali ndi permethrin. Amenewo akhoza kupha mphaka amene sanapakidwe n'komwe, amene wangogona pafupi ndi galu wopakidwayo kapena kumunyambita.

Tsono za kudibi. Apa m'pamene alimi a ng'ombe amatitsutsa kwambiri. "Ng'ombe zanga ndimazisambitsa omwewa, sinafepo ndi imodzi yomwe." Ng'ombe yanuyo ikhoza kulemera makilogalamu 250, galu 15, mphaka 3. Ng'ombe ikatuluka m'dibi imakaima padzuwa n'kuuma. Galu amakhala pansi n'kuyamba kudzinyambita. Mankhwala ambiri a kudibi masiku ano ali ndi amitraz. Alipo a amitraz amene amaloledwa kwa agalu akuluakulu, koma pamuyeso wake wa galu wolembedwa pabotolo, osati wa ng'ombe, ndipo osati kwa tiana ta galu, galu wodwala kapena woyamwitsa musanafunse. Kwa mphaka, ayi ndithu.

Muyesowo ndiye vuto lina. Chivindikiro cha botolo si muyeso. Zivindikiro zimasiyana kukula, mankhwala amasiyana mphamvu, ndipo dzanja la munthu amene watopa ndi nkhupakupa limathira mowolowa manja, ati kuti agwire bwino. Choipitsitsa ndi timabotolo tija topanda chizindikiro chilichonse togulitsidwa pamsika, tamadzi oyera ngati mkaka akasungunulidwa. Wogulitsa sadziwa dzina lake. Inu simudziwa. Galu akadwala, dokotala wa ziweto adzamupatsa chiyani, poti mankhwala othana ndi poizoni amatengera mtundu wa poizoniyo? Kuno kwathu mankhwala ophera tizilombo amayenera kulembetsedwa ku bungwe la Pesticides Control Board, ndipo ovomerezeka amabwera m'botolo lake ndi malangizo ake.

Oyilo wakutha wa galimoto sachiza mphere. Amaotcha khungu, ndipo galu akamunyambita amameza zinyalala zonse za mu injini. Parafini chimodzimodzi. Madzi onyikamo fodya amalowa kudzera pakhungu. Amene anathyolapo fodya wamame akudziwa chizungulire chake, nanga kamwana ka galu? Ombwe ena amasambitsira ng'ombe, koma kumbukirani kuti ndi womwe uja amaphera nsomba padziwe. Kwa mphaka musayese.

Ndipo madzi otsala m'ndowa amapita kuti? Timawaona akutayidwa kuseri kwa bafa, pamene nkhuku zimamwa ndi ana amasewera. Nthawi zambiri amene amatumidwa kugwira galu pomusambitsa ndi mwana, manja ali pamtunda.

Zikachitika kale

Valani majumbo m'manja. Sambitsani chiwetocho ndi madzi ofunda, osati otentha, ndi sopo wotsukira mbale kapena sopo wamba, n'kutsukuluza kangapo mpaka fungo litachepa. Chipukuteni, chifunditseni, chiikeni pamalo amdima opanda phokoso. Chikakhala kuti chikuphupha musachiviike m'madzi, ndipo musachimwetse kanthu, chingatsamwe. Mkaka, mazira aawisi ndi mafuta ophikira sizichotsa poizoni. Mafutawo amathandiza mankhwala ena kulowa msanga m'magazi. Panado musayerekeze: m'bulu umodzi ndi wokwanira kupha mphaka. Thamangani kwa alangizi a ziweto a dera lanu, botolo la mankhwalawo lili m'manja.

Chenjezo: dovu ndi chizindikironso cha chiwewe. Ngati simunaone ndi maso anu kuti galu wapakidwa kapena wadya mankhwala, musamupise dzanja m'kamwa. Mutsekereni, itanani alangizi. Wina akalumidwa, atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo.

Nanga tigwiritse ntchito chiyani?

Mankhwala opangidwira agalu ndi amphaka alipo m'masitolo a mankhwala a ziweto, komanso kuzipatala za ziweto monga za Lilongwe SPCA ndi Blantyre SPCA. Onani zinthu ziwiri papaketi: chithunzi cha chiweto, galu kapena mphaka, ndi kulemera kwake. Sikelo yoyezera soya ija ndi yokwanira kuyezera galu. Odontheza a fipronil amaikidwa pakhungu kumbuyo kwa khosi, mutapatula ubweya, kamodzi pamwezi, ndipo chiweto chisasambe masiku awiri. Pali mapilitsi a fluralaner amene galu akamwa amatetezeka kwa masabata 12. Ndi okwera mtengo, sitikana. Koma musagule a galu wamkulu kuti mugawire amphaka atatu. Amphaka akhoza kufa motero. Fipronil yemweyo amapha akalulu, choncho asayandikire kukhola lawo.

Amene alibe ndalama sanasowe chochita. Sopo ndi madzi ofunda zimapha nthata zimene zili pathupi tsiku limenelo. Chipeso cha mano othinana chimachotsa zotsala; zigwetsereni m'madzi a sopo. Kwa tiana ta masabata ochepa njira yabwino ndi imeneyi, bola mutipukute msanga tisazizidwe. Tiana timeneti musatichedwetse, pakuti nthata zikachuluka zimatha kutimaliza magazi. Kwezani mlomo muone nkhama: zikayera, zinthu zafika poipa.

Pogona

Chimene chimachititsa anthu kuwonjezera mankhwala n'chakuti nthata zimabwereranso sabata isanathe, ndiye amaganiza kuti anathira ochepa. Sikuti anachepa. Nthata imodzi yaikazi imatha kuikira mazira ofika 50 patsiku, ndipo mazirawo sakhala paubweya. Amagwera pachiguduli chogonera, m'fumbi la pakhonde, m'ming'alu ya pansi. Zimene mukuziona pagalu ndi gawo lochepa chabe. Zambiri zili pansi, zina zitadzikulunga m'tizikwa momwe zimatha kudikira miyezi. Chapani chigudulicho ndi madzi otentha sabata iliyonse n'kuchiyanika padzuwa. Sesani, zinyalalazo mutenthe. Zirani pansi, matani ming'alu. Pitirizani kwa miyezi itatu, ndipo ziweto zonse za pakhomo zithandizidwe tsiku limodzi.

Galu wogona pafupi ndi khola la nkhuku amatenga utitiri uja womatirira m'mphepete mwa makutu. Pakani Vaseline pamene wamatirirapo, koma khola losasesa libweretsanso wina.

Mukaona tinthu toyera ngati njere za mpunga pachimbudzi cha galu kapena pansi pa mchira, ndi zidutswa za njoka za m'mimba zimene amatenga akameza nthata. Mwana wokwawa akhoza kuzitenganso. Funsani mankhwala a njoka.

Nkhupakupa

Yang'anani m'makutu, m'khosi, m'khwapa ndi pakati pa zala, makamaka galu akabwera kosaka kapena kobusa. Gwirani nkhupakupa pafupi ndi khungu penipeni, kokani pang'onopang'ono osapotokola. Musaiwotche ndi ndudu ili pathupi, ndipo musaifinye ndi zikhadabo. Iponyeni pamoto kapena m'kabotolo ka parafini. Nkhupakupa yofiirira ya agalu imaswana m'nyumba momwe, m'ming'alu ya zipupa, ndipo yaikazi imodzi imaikira mazira masauzande. Galu amene anali ndi nkhupakupa akasiya kudya, thupi n'kutentha, nkhama kuyera kapena kuchita chikasu, mkodzo kufiira, ndi matenda a m'magazi ofuna jekeseni. Akhoza kupha m'masiku ochepa. Kumusambitsanso ndi mankhwala apo ndi kungomufulumizitsa.

Udzudzu

Galu sadwala malungo a anthu, choncho LA wa ana musamupatse. Udzudzu umatha kufalitsa nyongolotsi yokhala mumtima wa galu, makamaka kumadera otentha ndi achinyontho. Kukwirira zithaphwi ndi kutaya zigoba zosunga madzi mukudziwa kale. Mafuta othamangitsa udzudzu amene anthu amadzola si opaka ziweto. Neti yakale yonyikidwa m'mankhwala isakhale chogonera cha mphaka. Opopera mankhwala m'nyumba akabwera, tulutsani ziweto ndi mbale zake, ndipo mphemvu zakufa muzisese n'kukataya m'chimbudzi mphaka ndi nkhuku zisanadye.

Amayi ndi abambo, musanathire chilichonse pathupi pa galu kapena mphaka, tengani botololo mubwere nalo ku ofesi ya zaulimi ya dera lanu tidzaliwerengere limodzi. Mubwerenso ndi khadi la katemera wa chiwewe, tione ngati chaka sichinathe.