Batani Likakana, Tisagumule Khoma

TIWERENGE

Pachipatala chaching'ono cha kwathu kuno pali nyumba yodikirira amayi oyembekezera. M'nyumbamo muli chimbudzi chamadzi. Thanki yake siioneka, ili mkati mwa khoma. Chimene timaona ndi chivundikiro chapulasitiki chokhala ndi mabatani awiri, lalikulu ndi laling'ono.

Tsiku lina batani linakana. Amayi akadina, madzi osatuluka. Panapita masiku anayi. Fungo linadzaza nyumba, ntchentche zinabwera, ndipo amayi otopa anayamba kupita kuthengo usiku.

Ife timaphunzira pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi chipatalacho. Tili mkati mowerenga, tinaona mlonda akudutsa ndi nyundo ndi tchizulo.

"Aphunzitsi, thanki ili m'khomamu. Ndikukagumula kuti tione chavuta," anatero.

Mayi wina wa m'kalasi mwathu anaimirira. Iye anagwirapo ntchito yosesa m'nyumba ya alendo mumzinda wa Tete.

"Pepani bambo, nyundoyo iyambe yakhala pansi. Ine ndinkaona apulambala akukonza. Khomo lolowera ndi pamabatani pomwepo."

Tinapempha chilolezo kwa anamwino. Tsiku limenelo phunziro lathu linachitikira m'chimbudzi. Zimene tinaphunzira ndi izi.

ZIMENE ZILI KUSERI KWA KHOMA

Thanki iyi pa Chipwitikizi amati autoclismo. Ndi yapulasitiki, yopyapyala. Mkati mwake muli zinthu zinayi zofunika kuzidziwa.

Choyamba ndi kampopi kotsekera madzi ochokera kunja.

Chachiwiri ndi cholowetsa madzi. Chili ndi choyandama. Madzi akamakwera, choyandama chimakwera nawo. Chikafika pamwamba, chimatseka madzi.

Chachitatu ndi chotulutsa madzi. Chimaima pakati pa thanki. Kunsi kwake kuli mphira yozungulira imene imatseka dzenje. Chikanyamuka, madzi amathamangira mumtondo wa chimbudzi. Pakati pake pali paipi yotsegula kukamwa. Madzi akachuluka kwambiri amalowa m'paipiyo ndi kutsikira mumtondo, kuti asanyowetse khoma.

Chachinayi ndi tindodo tiwiri tapulasitiki. Tikadina batani, kandodo kamakankha kamkono, kamkono kamanyamula chotulutsa madzi. Mathanki ena alibe tindodo. Ali ndi kapaipi ka mpweya kapena kawaya, koma ntchito yake ndi yomweyo.

M'mathanki ambiri batani lalikulu limatulutsa malita 6, laling'ono malita 3.

KUTSEGULA

Tikonzeretu sikuludiraiva, tochi, nsalu yoyera, viniga ndi sopo. Tiyale kapulana pansi. Chilichonse chimene tachotsa tichiike pakapulanapo motsatana: choyamba kumanzere, chomaliza kumanja. Pobwezera tidzayambira kumanja. Mmodzi wa ife alembe kapena ajambule m'kope mmene zinthu zinakhalira.

Chivundikiro cha mabatani chimagwidwa ndi sipuling'i. Tichikankhe pang'ono m'mwamba kapena cham'mbali, kenako tichikokere kwa ife. Tisachitengule ndi mpeni, chingasweke. Kuseri kwake kuli felemu ndi tindodo. Tichotse tindodo, timasule felemu, kenako tichotse kachitseko kapulasitiki kotchinga madzi. Tsopano dzanja likhoza kulowa.

Tisanagwire china chilichonse, tiunike ndi tochi. Kodi m'thanki muli madzi? Afika pati? Kuona maso a nkhono n'kudekha.

VUTO LOYAMBA: TIKADINA, MADZI SATULUKA

Ngati m'thanki muli madzi, tinyamule chotulutsa madzi ndi dzanja. Madzi akatuluka, ndiye kuti thanki ili bwino. Vuto lili pakati pa batani ndi kamkono.

Mwina kandodo kachoka pamalo pake. Mwina kafupika, sikakufika pabatani. Tindodo tambiri timatalika kapena kufupika tikatipotoza. Tikabwezere, tikatalikitse pang'ono, tiyese. Ngati ndi thanki ya mpweya, tione ngati kapaipi kavuka, kapindika kapena kabooka. Kovuka tikalowetsenso. Kobooka tigule kena.

Ngati m'thanki mulibe madzi, tione ngati mipopi ina ikutuluka madzi. Tionenso ngati kampopi ka m'kati ndi kotsegula.

Kuchipatala kwathu tinapeza kandodo kamodzi katachoka. Wina anamenya batani ndi chibakera. Kanthu kochepa ngati chala ndi kamene kanavutitsa amayi masiku anayi.

VUTO LACHIWIRI: BATANI SILIBWERERA

Nthawi zambiri ndi fumbi ndi litsiro. Titsuke chivundikiro ndi madzi a sopo. Tisathiremo mafuta a njinga kapena a galimoto. Mafuta amenewa amaononga mphira ndipo amakola fumbi. Tionenso tindodo. Tikatalika kwambiri, timakankha kamkono nthawi zonse ngakhale munthu asanadine. Tifupikitse kuti pakhale kampata kochepa.

VUTO LACHITATU: MADZI SALEKA KUTSIKA MUMTONDO

Vuto ili ndi lakabisira, chifukwa chimbudzi chimagwirabe ntchito. Tiliyese motere. Tidikire kanthawi chigujumulireni, tipukute kumbuyo kwa mtondo mkati, timatepo pepala louma. Likanyowa, madzi akutayika.

Zoyambitsa ndi ziwiri. Tiunike kuti tidziwe.

Ngati madzi afika pakamwa pa paipi ya pakati ndipo akulowamo, cholakwa ndi cholowetsa madzi. Sichikutseka. Titsitse choyandama popotoza kandodo kake, kuti madzi aziima ngati zala ziwiri kunsi kwa kamwa la paipi. Ngati sakuimabe, titseke kampopi, tichotse cholowetsa madzi, titsuke kamphira kake.

Ngati madzi ali kunsi kwa kamwa la paipi koma akutsikabe mumtondo, cholakwa ndi mphira ya pansi. Titseke kampopi popotozera kumanja, monga timatsekera mpopi uliwonse. Tigujumule kuti thanki iphwe. Tichotse kamkono, tizule chotulutsa madzi mosamala, tichitulutse mopendeketsa. Tione mphira. Mwina pakhala mchenga. Mwina pamera zoyera zolimba zochokera m'madzi. Zimenezi zimasungunuka tikaviika mu viniga. Mwina mphira yauma, yang'ambika kapena yatuluka matuza. Mphira yotere yatha. Tikhoza kuitembenuza kuti itithandize masiku ochepa, koma tigule ina. Popita kusitolo titenge yakaleyo, chifukwa mphira zimasiyana kukula. Tipukutenso mlomo wa dzenje pamene mphira imakhala.

VUTO LACHINAYI: THANKI IMACHEDWA KUDZAZA

Madzi a kumudzi amabwera ndi mchenga, makamaka nthawi ya dzinja. Polowera madzi pamakhala kasefa. Titseke kampopi, tichotse kasefa, tikatsuke, tikabwezere.

KUBWEZERA

Tibwezere zonse motsatana. Zomangira zapulasitiki timange ndi dzanja, osati mwamphamvu. Titsegule kampopi pang'onopang'ono. Tidikire thanki idzaze ndi kukhala chete. Tiyese mabatani onse awiri katatu tisanatseke chivundikiro. Pomaliza tisambe m'manja ndi sopo.

Tikaona khoma lanyowa kapena thanki yang'aluka, tisapitirize. Titseke madzi, tiitane pulambala. Podikira, tizithira chidebe cha madzi mumtondo nthawi imodzi. Chimbudzi chimayera ndithu.

CHIFUKWA CHIYANI NKHANIYI NDI YATHU?

Ambiri a ife kunyumba tili ndi zimbudzi zokumba. Koma chipatala ndi chathu, sukulu ndi yathu. Ana athu amapita kukagwira ntchito m'tauni kumene zimbudzi zotere zilipo. Chimbudzi chikafa, anthu amapita kuthengo. Mvula imakokolola zonyansa kupita kumitsinje ndi kuzitsime. Umo ndi mmene kolera imafalira. Mu 2022 ndi 2023 kolera inavuta m'dziko lathu, ndipo ku Niassa ndi ku Tete inafikako. Sitinaiwale.

Tsono tiphunzitsane. Batani timadina ndi chala, osati chibakera. M'chimbudzi chamadzi sitiponyamo zitsononkho, miyala, masamba kapena nsanza.

Madzulo a tsiku lija mlonda anadina batani yekha. Madzi anatuluka. Anatola nyundo yake nati, "Amayi, lero mwandiphunzitsa. Khomali likanagwa pachabe."

TIWERENGERE

Chimbudzi china chimataya lita imodzi pa mphindi 5 zilizonse. Pa ola limodzi ndi malita 12. Pa tsiku ndi malita 288.

1. Zigubu za malita 20 zingadzaze zingati ndi madzi amenewa? Patsala malita angati?
2. Pa masiku 7 patayika malita angati?
3. Amayi 10 adina batani laling'ono m'malo mwa lalikulu, aliyense kamodzi. Apulumutsa malita angati?

TIKAMBIRANE

1. N'chifukwa chiyani mlonda anafuna kugumula khoma?
2. Timadziwa bwanji ngati cholakwa ndi mphira ya pansi kapena cholowetsa madzi?
3. Kwathu kuno, ndani amayang'anira chimbudzi cha pachipatala ndi cha pasukulu? Chikafa timauza yani?

TILEMBE

ba-ta-ni, tha-nki, mphi-ra, kho-ma, ma-dzi

Batani timadina ndi chala.
Titseke madzi tisanakonze.
Tisambe m'manja ndi sopo.