PHUNZIRO LA MWEZI UNO: NDANI ADZATSEGULE CHITSEKO CHA CHOMBO?

Kwa inu abale ndi alongo nonse a m'magulu athu a mapemphero kuno ku Johannesburg, inu ogwira ntchito m'nyumba za mabwana, inu a m'maluwa, inu alonda, ndi inu amene mukuyendabe ndi makalata kusaka ntchito.

Mawu owerenga: Genesis 7:13-16, Machitidwe 27:27-44, Yakobo 2:14-17. Muyambe mwawerenga mawuwa pagulu musanapitirire.

Phunziro lathu lachokera pa filimu yotchedwa 2012, imene ambiri a ife tinaionera, ena kangapo konse. Wina adabwa kuti mlaliki akutenga bwanji phunziro pa kanema. Kumbukirani kuti Ambuye Yesu ankaphunzitsa ndi zinthu zimene anthu ankaona tsiku ndi tsiku, monga mbewu, nkhosa ndi ndalama yotayika. Ine ndaona kuti munthu akamaonera filimu amaiwala kudzibisa, ndipo zimene zili mumtima mwake zimangotuluka zokha pakamwa. Choncho sindikufuna tiphunzire filimuyo ayi. Ndikufuna tiphunzire mawu amene timanena tikamaionera.

NKHANI YAKE MWACHIDULE

Filimuyi inatuluka mu 2009 ndipo anaikonza ndi Roland Emmerich. Ndi nkhani yopeka. Akatswiri a sayansi akutulukira kuti dziko litentha m'kati, zivomezi ziwononga mizinda, kenako madzi amiza zonse. Atsogoleri a maiko akubisa nkhaniyi, ndipo akumanga zombo zikuluzikulu m'mapiri a ku Tibet, akunamiza anthu kuti akumanga damu. Tikiti ya munthu mmodzi ikugulitsidwa pa mtengo wa 1 biliyoni ya ndalama za euro. M'zombomo akulowetsamo zithunzi zodula, njovu ndi nyamalikiti, ngakhale agalu a anthu olemera. Koma antchito amene anawotcherera zitsulo za zombozo akuwasiya panja. Satnam, katswiri wa ku India amene anayamba kuona kuti tsoka likubwera, sanamutumizire ndege, ndipo madzi anamupeza ali ndi mkazi wake ndi mwana wake.

Madzi atayandikira, khamu la anthu linali kulira pa chitseko. Mkulu wina wa boma, Anheuser, anati chitseko chisatsegulidwe chifukwa nthawi yatha. Mnzake Adrian anachonderera atsogoleri kuti ngati moyo watsopano uyambe ndi nkhanza yotere, ndiye kuti umunthu wafa kale. Pomaliza anatsegula. Patapita masiku 27 zombozo zinalunjika ku Cape of Good Hope, chifukwa Africa inali itakwera pamwamba pa madzi ndipo mapiri a Drakensberg ndiwo anasanduka denga la dziko lonse.

MAGULU ANAYI A OONERA

Nthawi zosiyanasiyana ndaonera filimuyi ndi abale, ndipo ndapeza kuti oonera amagawika panayi.

Gulu loyamba ndi la amantha. Pamene filimuyi inatuluka, anthu ambiri padziko anakhulupirira kuti dziko litha pa 21 December 2012, chifukwa cha kalendala yakale ya mtundu wa Amaya a ku America. Mafunso anachuluka mpaka bungwe la NASA linachita kulemba mayankho otsimikizira anthu kuti palibe chimene chichitike. Tsikulo linafika, linadutsa, ndipo m'mawa mwake tinadzuka kukakolopa monga mwa masiku onse. Kwa amantha ndikuti werengani Mateyu 24:36, pamene Ambuye anena kuti tsiku ndi ola lake alidziwa ndi Atate okha, ndi Genesis 9:11, pamene Mulungu alonjeza kuti sadzawononganso dziko lonse ndi chigumula. Munthu aliyense wokupatsani deti la chimaliziro, kaya pa kanema kaya pa guwa, mugwire chikwama chanu bwinobwino.

Gulu lachiwiri ndi la oseka. Iwowa amaombera m'manja galimoto ikamalumpha maenje ndi ndege ikamadutsa pakati pa nyumba zikugwa. Anthu zikwizikwi akugwera m'phompho, iwo akungoyang'ana ngati ngwazi ya filimu yapulumuka. Kuseka si tchimo, ndipo tonse tikudziwa kuti ndi zojambula ndi kompyuta. Koma tisamale kuti maso athu asazolowere kuona anthu ngati nyerere. Pamene mphepo ya Freddy inagumula phiri la Soche ndi kukwirira nyumba ku Chilobwe mu March 2023, amene anali pansi pa matope aja aliyense anali ndi dzina lake ndi mayi ake.

Gulu lachitatu ndi la okwiya, ndipo muli ambiri a ife. Tikaona galu akulowa m'chombo wantchito ali panja, mtima umawawa chifukwa nkhani imeneyo timaidziwa. Ndife timachapa, kusita ndi kulera ana, koma tsiku la phwando timadyera kukhitchini. Mlongo wina anafuula kuti, "Amenewo ndife, akumanga ndi ife koma olowa ndi ena!" Kukwiya kumeneku n'koyenera, ndipo Yakobo 5:4 akunena poyera kuti kulira kwa antchito obedwa malipiro kumafika m'makutu a Ambuye. Pamapeto gulu lomweli limasangalala kwambiri poona olemera a ku Ulaya ndi ku America akubwera kudzapempha malo ku Africa. Wina anati, "Akafika tidzawafunse ziphaso!" Tonse tinaseka, koma mawu amenewo ndi amene andipatsa phunziro lino.

Gulu lachinayi ndi laling'ono. Ndi la anthu amene amanena motsitsa mawu kuti Anheuser sankanama, chombo chikadzaza chimamira. Iwowa tisawanyoze, chifukwa akunena chimene ambiri timaganiza koma sitinena. Ndipo mufilimu momwemo chitseko chitatsegulidwa chinakanika kutsekeka chifukwa chitsulo china chinagwera m'makina, madzi analowa, ndipo anthu ena anafa. Kuchitira munthu chifundo kuli ndi mtengo wake, tisanamizane.

FUNSO LENILENI

Chimene ndaona ndi ichi. Tikamaonera, tonse timadziika panja pa chitseko, tikufuula kuti titsegulireni. Palibe amene amadziika m'kati, kiyi ali m'manja. Koma abale, ambiri a ife amene tikuwerenga pepala lino tili m'kati mwa chombo. Kachipinda kako kakuseri ndi chombo. Ntchito yako ya masiku atatu pa sabata ndi chombo. Chiphaso chako ndi tikiti. Ndipo sabata iliyonse basi imatsitsa anthu ku Park Station, ali ndi kachikwama ndi nambala imodzi ya foni. Akaimba nambalayo, foni imalira m'thumba mwa Mkhristu, iye n'kuiyang'ana, n'kuibweza m'thumba.

Palinso choipa china chimene tiyenera kuchitchula dzina. Pakati pathu pali ogulitsa ntchito. Madamu akufunsa ngati ukudziwa mtsikana wokhulupirika, iwe ukupeza mlongo wongofika kumene, n'kumuuza kuti malipiro a mwezi woyamba ndi ako. Kodi pamenepo wasiyana bwanji ndi ogulitsa matikiti a chombo? Iwo anatchula biliyoni, iwe watchula ma rand ochepa, koma mtima wake ndi umodzimodzi. Tsoka la mnzako walisandutsa msika.

ZIMENE MALEMBA AKUTIONETSA

Choyamba, pa Genesis 7:16 amene anatseka chitseko cha chingalawa cha Nowa ndi Yehova mwini. Nowa anamanga, analowetsa banja lake la anthu 8 ndi nyama, koma ntchito yotseka sanapatsidwe. Woweruza amene apulumuke ndi Mulungu. Ife tikayamba kusankha kuti uyu ndi wakwathu, uyu ndi wa boma lina, uyu ndi wa mpingo wina, tatenga kiyi amene si wathu.

Chachiwiri, pa Machitidwe 27 pali chombo chenicheni, cha anthu 276, chimene chinakanthidwa ndi namondwe mpaka usiku wa 14. Amalinyero anatsitsa kabwato mobisa, akunamizira kuti akukaponya anangula, cholinga athawe okha. Paulo anachenjeza Yuliyo, mkulu wa asilikali, kuti amenewa akachoka enanso sapulumuka, ndipo asilikali anadula zingwe kabwato kaja n'kupita. Kenako Paulo anatenga mkate, anayamika Mulungu pamaso pa onse, ndipo onse anadya. Chombo chitasweka, asilikali anafuna kupha akaidi kuti asathawe, koma Yuliyo anawaletsa. Odziwa kusambira anasambira, ena anagwira matabwa, ndipo onse 276 anafika kumtunda. Onani kuti kawiri konse anthu anaganiza kuti adzipulumutsa potaya anzawo, ndipo kawiri konse Mulungu anakana njira imeneyo. Onaninso kuti mawu opulumutsa anachokera kwa mkaidi womangidwa. Pa Machitidwe 28:2 anthu a pa chisumbu cha Melita, osadziwa n'komwe chinenero chawo, anawasonkhera moto chifukwa kunali mvula ndi chisanu.

Mufilimu muja, munthu amene ine ndimamukumbukira si pulezidenti kapena katswiri. Ndi gogo wina wosauka wa ku Tibet. Mdzukulu wake Tenzin, mmodzi wa antchito aja, anakonza zolowetsa banja lake lokha mozemba, ndipo anakana kutenga alendo amene anawapeza panjira. Gogoyo ndi amene anamuuza kuti awatenge onse. Analibe tikiti, analibe udindo, koma anatsegula pamene panali mphamvu yake.

Ife amene tinali kuno mu May 2008 tinaona chigumula chathu. Ziwawa zinayambira ku Alexandra, zinafalikira m'madera ena, ndipo anthu 62 anaphedwa. Tinagona m'mapolisi ndi m'matchalitchi. Ndipo ena a ife tili moyo lero chifukwa eni dziko ena anatibisa m'nyumba zawo, akudziwa kuti akuika moyo wawo pachiswe. Amene anatsegulidwa chitseko asakhale woyamba kutsekera mnzake. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

TICHITE CHIYANI?

Sindikunena kuti ulowetse munthu mobisa pabwalo pa bwana wako mpaka ntchito ikuthere, kapena kuti mlongo wokhala yekha agoneke mwamuna wachilendo. Mutu umodzi susenza denga, n'chifukwa chake tili ndi magulu. Foni ikalira, yankha, ngakhale yankho lako likhale loti ulibe malo koma ufunsa abale. Gulu lililonse lidziwe amene angasunge mlendo masiku awiri kapena atatu, ndipo ena asonkhe ufa, ndiwo ndi ya thiransipoti. Ukamva za ntchito, pereka ulere. Ngati unatengapo ndalama ya mlongo chifukwa chomupezera ntchito, kabweze mwakachetechete mwezi uno usanathe. Yakobo 2:15-16 akufunsa phindu la kudalitsa wanjala ndi pakamwa pokha.

MAFUNSO OKAMBIRANA PAGULU

1. Pa magulu anayi aja, iwe uli m'gulu liti, ndipo n'chifukwa chiyani?
2. Ndani anakutsegulira chitseko tsiku limene unafika m'dziko lino? Unamuthokoza?
3. Kodi gulu lathu lingasunge bwanji mlendo popanda kulemetsa munthu mmodzi?

PEMPHERO

Atate wakumwamba, Inu amene munasunga Nowa ndi Paulo pamadzi, tichotsereni mantha a masiku amene sitiwadziwa. Tikumbutseni masiku amene tinali panja. Tipatseni mtima wotsegula ndi nzeru yothandizana. Sungani onse amene ali m'basi usiku uno, ndi ana athu amene tinawasiya kumudzi. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.

Mukatha kuwerenga, mupatseko mnzanu pepalali.