Moto wa Gasi Ukamazima Mukangosiya Batani

Ku Mwanza makala sasowa. Matumba ake amakhala ali ndandanda m'mbali mwa msewu wochoka ku Blantyre kupita ku chipata cha Zobue, pomwe mitengo ya m'mapiri, ngakhale ya m'nkhalango ya Thambani, ikunka nitha. Komabe mabanja ena, malo odyera ndi malo ogona alendo ayamba kugwiritsa ntchito gasi. Ena amaphikira, ena amatenthetsera madzi osamba pa giza ya gasi.

Pali vuto limodzi limene limasowetsa anthu mtendere. Mwakanikiza batani, mwayatsa, moto wayaka bwinobwino. Mukangochotsa chala, moto uja zii! Ambiri amathamangira kunena kuti gasi watha kapena anawagulitsa chinthu chakufa. Kawirikawiri si choncho.

Yang'anani pafupi ndi pamene pamatulukira lawi. Pa giza, mu uvuni, pa firiji ya gasi ndi pa mbaula zina, mupeza kachitsulo kakang'ono kosongoka, kokhala ndi waya wa kopa. Amisiri amakatchula kuti thermocouple. Timbaula tomangirira pamwamba pa botolo la gasi nthawi zambiri sitikhala nako.

M'kati mwa kachitsulo aka muli zitsulo ziwiri zosiyana zimene anaziphatikiza kunsonga. Nsongayo ikatentha, pamabadwa magetsi ochepa kwambiri, oti sangayatse ngakhale babu la tochi. Magetsiwo amayenda m'waya uja n'kukafika pa kamaginito kamene kamagwira chitseko cha gasi kuti chikhale chotsekula. Mukamakanikiza batani, chala chanu ndicho chimatsekula chitsekocho. Kachitsulo kakatentha, maginito amalandira ntchitoyo, inu n'kusiya. Moto ukazima, kachitsulo kamazizira, magetsi amatha, ndipo sipuling'i imakankha chitseko n'kutseka gasi. Kachitsuloka kali ngati mlonda wa pageti: kakapanda kuona moto, sikalola gasi kudutsa. Anakaikapo kuti gasi asadzaze nyumba inu muli m'tulo.

Tsono moto ukamazimazima, funso n'lakuti, kachitsulo kakulekeranji kutentha?

Yambani ndi chala chanu. Mukayatsa, gwiranibe batani kwa masekondi 20 kapena 30. Anthu ambiri amasiya msanga, kachitsulo kasanatenthe.

Zikakanika, tsekani gasi pa botolo, dikirani zonse zizizire, muone nsonga ya kachitsulo. Ngati yakutidwa ndi mwaye, kapena phala ndi msuzi zinatayikirapo n'kuuma, ipukuteni pang'onopang'ono ndi sitiliwulu. Onaninso ngati inapindika n'kutalikira moto. Nsongayo iyenera kukhala m'kati mwenimweni mwa lawi. Kumene waya ukukathera kuli kanati. Kakakhwepa, magetsi ochepa aja safika.

Kenako liwerengeni lawilo, pakuti limanena zambiri. Lawi labwino ndi la buluu ndipo limaima nji. Lachikasu, lofooka, lodetsa mapoto, likutanthauza kuti gasi sakusakanikirana ndi mpweya wokwanira. Apa olakwa amakhala fumbi la m'chilimwe, mavu omanga ndi dothi, kapena kangaude amene waluka m'paipi yopita ku moto. Giza imene yakhala miyezi osayatsidwa imagwidwa kwambiri ndi vuto limeneli. Chotsani zinyalalazo ndi kaburashi kofewa. Kabowo kotulukira gasi musakatokose ndi singano kapena waya, chifukwa kakakula, moto udzakhala wosalamulirika. Lawi lachikasu limatulutsanso mpweya woipa wopanda fungo, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka. Choncho giza ya gasi musaiike m'bafa losalowa mphepo.

Nayo mphepo ya mwera ya mu June ndi July imakankha lawi kuchoka pa kachitsulo, makamaka giza ikakhala pakhoma la kunja. Itchingeni, koma osatseka mabowo ake opumira. Ndipo ngati lawi ndi laling'ono paliponse, nyamulani botolo mumve kulemera kwake. Mwina gasi wathadi, kapena regulator, kachipangizo ka pakamwa pa botolo kochepetsa mphamvu ya gasi, kafooka.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi ichi: ena akatopa amamanga batani ndi mphira kapena kulipanikiza ndi kamtengo kuti lisabwerere. Chonde musatero. Pamenepo moto ukazima, gasi amangotuluka. Gasi ndi wolemera kuposa mpweya, sathawira kudenga, amadikha pansi. Mukamva fungo longa la mazira oola, limene amathiramo dala, musayatse machesi ndipo musakhudze switchi ya magetsi. Tsekani botolo, tsekulani zitseko ndi mawindo. Pofufuza pamene pakudontha, pakani thovu la sopo polumikizira paipi; pakamatupa thovu ndiye pomwepo.

Ngati mwapukuta, mwawongola, lawi ndi la buluu, koma moto ukuzimabe, mwina kachitsulo kaja katha ntchito. Sikakonzedwa, amangosintha. Itanani mmisiri wodziwa za gasi, ndipo akamaliza mumupemphe ayese ndi thovu la sopo inu mukuona.